The New Saints: timu ya kumudzi yomwe idagulitsa dzina n'kusamuka kwawo

Usiku wa pa 29 August 2024 masewero a pabwalo la Park Hall adatha popanda wogoletsa, koma oyimbira atangoliza wezulo yomaliza, osewera ovala mizere yobiriwira ndi yoyera adakumbatirana ngati anyamula chikho. Sabata imodzi m'mbuyomo, The New Saints idali itakuntha FK Panevėžys 3-0 ku Lithuania, choncho kulepherana kwa pakhomoku kudali kokwanira. Kwa nthawi yoyamba chikhazikitsireni ligi ya dziko la Wales mu 1992, timu ya mu ligiyo idadutsa ndime zonse zachipulula n'kulowa m'ndime yaikulu ya mpikisano wa UEFA.

Chodabwitsa n'chakuti bwalo lomwe mbiri ya mpira wa ku Wales idalembedwa usikuwo silili ku Wales. Park Hall ili m'mphepete mwa tauni ya Oswestry, m'dera la Shropshire ku England. Timuyi idabadwira kutsidya lina la malire, pamudzi wa alimi womwe anthu ambiri a ku Britain amalephera ngakhale kuutchula dzina. Kuti ifike pomwe idafika, idasiya dzina la mudziwo, bwalo lake komanso ambiri mwa ochemerera ake oyamba. Mpaka lero anthu okonda mpira ku Wales amatsutsana ngati malondawo adali opindulitsa.

Pamudzi wa Llansantffraid

Llansantffraid-ym-Mechain ndi mudzi wa anthu pafupifupi 1,000 m'chigawo cha Powys, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Cain umathira mu Vyrnwy. Ndi dera la nkhosa ndi ng'ombe zamkaka, ndipo nyumba yoonekera patali pamudzipo ndi chigayo cha zakudya za ziweto cha kampani ya Wynnstay. Timu ya Llansantffraid FC idakhazikitsidwa mu 1959 ndipo inkasewera pabwalo la mudzi lotchedwa Treflan. Kwa zaka zoposa 30 idali mu ligi yaing'ono ya Montgomeryshire, momwe osewera ake adali anyamata a m'midzi yozungulira, oweruka kuntchito n'kuthamangira kubwalo. Idatenga ukatswiri wa ligiyo kangapo, koma mbiri yake sinkapitirira maboma oyandikana nawo.

Zinthu zidayamba kuthamanga mu 1990, pomwe timuyi idalowa mu Central Wales League. Posakhalitsa idakwera kupita mu Cymru Alliance, ligi ya kumpoto ndi pakati pa dzikolo, ndipo mu 1992-93 idatenga ukatswiri wa kumeneko. M'zaka zitatu zokha timu ya pamudzi idapezeka ili mu ligi yaikulu ya dziko lonse.

Ligiyo idali khanda la chaka chimodzi, ndipo idabadwa pakati pa mkangano. Bungwe loyendetsa mpira ku Wales, FAW, ndi lakale kwambiri, lidakhazikitsidwa mu 1876, koma kwa zaka zoposa 100 dzikolo lidalibe ligi imodzi yophatikiza kumpoto ndi kummwera. Mapiri a pakati pa dzikolo ankachititsa kuti ulendo wopita kummawa, ku England, ukhale wapafupi kusiyana ndi wopita kummwera kapena kumpoto. N'chifukwa chake matimu akuluakulu monga Cardiff City, Swansea City ndi Wrexham adakulira m'maligi a ku England. Mlembi wamkulu wa FAW panthawiyo, Alun Evans, ankaopa kuti mayiko ena a mu FIFA angafunse chifukwa chomwe dziko lopanda ligi yakeyake lili ndi timu ya fuko, ndipo adakakamira kuti League of Wales iyambe mu 1992.

Matimu asanu ndi atatu omwe ankasewera m'maligi ang'onoang'ono a ku England adayamba akana kubwerera. Ena monga Bangor City ndi Newtown adagonjera. Newport, Colwyn Bay ndi Caernarfon Town adakakamizika kusewera masewero awo apakhomo m'mabwalo a ku England mpaka pomwe khoti lidawalola kubwerera kwawo. M'chipwirikiti chimenechi, mipata idatseguka kwa matimu ang'onoang'ono, ndipo Llansantffraid idali imodzi mwa omwe adaigwiritsa ntchito.

Chikho cha 1996 ndi munthu wa makompyuta

Mu 1995 timuyi idatenga League Cup, koma chomwe chidasintha tsogolo lake chidachitika chaka chotsatira. Kuyambira mu 1995-96, matimu a ku Wales osewera m'maligi a ku England adaletsedwa kulowa mu Welsh Cup, chikho chomwe chakhala chikulimbiranidwa kuyambira 1877 ndipo Wrexham ndi Cardiff City ankachinyamula mosinthana. Njira idayera. Mu May 1996, Llansantffraid, motsogozedwa ndi mphunzitsi Graham Breeze, idakumana ndi Barry Town m'ndime yotsiriza pabwalo la National Stadium ku Cardiff. Barry idali itangotenga ligi ndipo aliyense ankayembekezera kuti iwonjezera chikho. Masewero adatha 3-3, ndipo pamapenate anyamata a kumudzi adapambana.

Chikhocho chidabwera ndi tikiti ya mpikisano wa Cup Winners' Cup. Treflan sikadatha kulandira alendo a UEFA, choncho masewero apakhomo olimbana ndi Ruch Chorzów ya ku Poland adachitikira pabwalo la Racecourse Ground ku Wrexham, ndipo adatha 1-1. Achibwereza ku Poland adatha 5-0 mokomera eni bwalo.

Apa mpomwe adalowera Mike Harris, mwini kampani ya Total Network Solutions ya ku Oswestry, yomwe inkagwira ntchito yolumikiza makompyuta ndi matelefoni m'maofesi. Harris adathira mapaundi 250,000 mu timuyi, koma sadafune kuti dzina la kampani yake lingokhala pachifuwa cha yunifolomu. Timu idasanduka Total Network Solutions Llansantffraid, ndipo mu 1997 dzina la mudzi lidachotsedwa, n'kutsala Total Network Solutions FC, mwachidule TNS. Kwa munthu yemwe adakula akumva za Bata Bullets ndi Limbe Leaf Wanderers, izi n'zachizolowezi. Ku Britain zidali zachilendo, ndipo ambiri adaziona ngati zochititsa manyazi. Mtolankhani wa Sky Sports, Jeff Stelling, adazisandutsa nthabwala ya Loweruka lililonse: timuyi ikapambana, ankalengeza kuti usikuwo anthu avina m'misewu ya Total Network Solutions, podziwa kuti padziko palibe tauni ya dzina lotero.

Harris adalola kuti anthu aseke. Mu 1999-2000 timu yake, pansi pa mphunzitsi Andy Cale, idatenga ligi koyamba, n'kudula ulamuliro wa Barry Town yomwe idali itatenga kanayi motsatizana.

Ukwati wa pamalire

Mudzi wa anthu 1,000 sungadzaze bwalo, ndipo Treflan idalibe malo okulitsira. Makilomita pafupifupi 13 kuchokera pamudzipo kudali timu ina yomwe idali ndi zomwe TNS idalibe. Oswestry Town idali ndi bwalo la Park Hall, tauni yaikulupo komanso mbiri yakale, koma idamira m'ngongole. Ngakhale Oswestry ili ku England, mpira wake wakhala ukuyang'ana ku Wales kuyambira kalekale. Matimu a m'tauniyi adatenga Welsh Cup mu 1884, 1901 ndi 1907, ndipo Oswestry Town inkasewera mu League of Wales momwemo.

Mu 2003 matimu awiriwa adagwirizana zophatikizana. UEFA idayamba yakana, ponena kuti matimu a mayiko awiri osiyana sangakhale timu imodzi, koma idasintha maganizo itaona umboni wakuti Oswestry Town idali ya banja la FAW kuyambira pachiyambi. Kampani ya BT itagula Total Network Solutions, mu 2006 timuyi idasowa dzina. Akuluakulu ake adayesa kugulitsa mwayi wotcha timu dzina pa eBay, zomwe sizidaphule kanthu, kenako adasankha The New Saints, dzina lomwe lidasunga zilembo zitatu zomwe anthu adali atazolowera. Mu 2007 timu idasamukira ku Park Hall, pabwalo la udzu wochita kupanga, lokhala ndi nyumba yochezeramo yomwe ili ndi malo a masewero a bowling ndi osewererapo ana, kuti ndalama zizilowa ngakhale tsiku lopanda mpira.

Anthu a ku Llansantffraid sadatsatire onse. Chaka chomwecho adakhazikitsa timu yatsopano, Llansantffraid Village, yomwe idayambanso pansi m'maligi a m'deralo, pabwalo lomwe lija la Treflan.

Alendo otchuka

Zaka za kusinthaku ndi zomwenso zidaika TNS pa wailesi za kanema. Mu August 2003 mayere a UEFA Cup adaipatsa Manchester City ya Kevin Keegan, yomwe idali itangosamukira pabwalo lake latsopano. Masewero oyamba a mpikisano pabwalo lomwe lero limatchedwa Etihad adali a City ndi TNS, ndipo adatha 5-0. Achibwereza pa Millennium Stadium ku Cardiff adatha 2-0.

Za mu 2005 zidaposa apo. Liverpool idali itangotenga Champions League ku Istanbul, koma idathera pa nambala 5 mu ligi ya ku England, kotero idalibe malo otetezera chikho chake. UEFA ikadali kusinkhasinkha, Harris adalengeza kuti TNS, monga akatswiri a ku Wales, ili yokonzeka kusewera ndi Liverpool kawiri, ndipo wopambana atenge malowo. Pomaliza UEFA idalola Liverpool kuyambira m'ndime yoyamba yachipulula, ndipo mayere atachitika, Liverpool idagwera TNS yomweyo. Pa Anfield, Steven Gerrard adamwetsa zigoli zonse zitatu. M'masewero achibwereza ku Wrexham, Djibril Cissé adagoletsa chimodzi ndipo Gerrard adawonjezera ziwiri. Goloboyi wa TNS, Gerard Doherty wa ku Derry, adatchinga mipira yambiri mpaka mphunzitsi wa Liverpool, Rafael Benítez, adamuyamikira poyera.

Kugonja 6-0 kwa akatswiri a ku Ulaya sikudali chamanyazi, ndipo ndalama za pakhomo ndi za kanema zidalowa. Komabe kwa zaka zambiri TNS idali timu yongopita kukaonekera. Mu 2007 idagonjetsa Ventspils ya ku Latvia 3-2 pakhomo koma idatuluka pa lamulo la zigoli za koyenda. Idadutsa ndime koyamba mu 2010, pomwe idabweza kugonja kwa 1-0 ku Dublin pothambitsa Bohemians 4-0 pa Park Hall, Anderlecht isadaitulutse. Chowawa kwambiri chidachitika mu 2021: TNS idagonjetsa Viktoria Plzeň 4-2 ku Cardiff, Declan McManus atamwetsa zitatu, koma ku Czech Republic idagonja 3-1 n'kutuluka pamapenate.

Mfumu ya pakhomo

Kunyumba nkhani idali ina. Pansi pa mphunzitsi Ken McKenna, TNS idatenga ligi katatu motsatizana kuyambira 2004-05. Idatenganso mu 2009-10, kenako kasanu ndi katatu motsatizana kuyambira 2011-12 mpaka 2018-19. Pa 30 December 2016 idagonjetsa Cefn Druids 2-0, kupambana kwake kwa nambala 27 motsatizana m'mipikisano yonse, n'kuphwanya mbiri yomwe Ajax ya Johan Cruyff idaika mu 1972 popambana ka 26. Mbiri imeneyi idakhala ku Park Hall mpaka mu March 2024, pomwe Al-Hilal ya ku Saudi Arabia idaiposa.

Chinsinsi chake si chobisika. Osewera a TNS ndi olembedwa ntchito ya mpira basi; amachita zokonzekera m'mawa mkati mwa sabata ngati anzawo a m'maligi a ku England. Matimu ambiri omwe amakumana nawo ndi a anthu omwe masana ndi aphunzitsi, amisiri kapena ogwira ntchito m'maofesi, ndipo amakumana pabwalo madzulo awiri kapena atatu pasabata. Kusiyanaku kumaonekera kwambiri m'mphindi 20 zomaliza. TNS imasunga mpira pansi, imauyendetsa uku ndi uku pabwalo lake losalala, ndipo miyendo ya alendo ikalema zigoli zimayamba kugwa. Ambiri mwa osewera ake ndi anyamata omwe adaphunzira mpira m'matimu akuluakulu a ku England koma sadapatsidwe kontilakiti, ndipo ena adakhalitsa kwambiri, monga goloboyi Paul Harrison, wapakati Aeron Edwards ndi womwetsa zigoli wa ku New Zealand, Greg Draper.

Ndalama zolipirira zonsezi zimachokera makamaka ku UEFA. Katswiri wa ligi amalowa mu Champions League, ndipo ngakhale atatuluka m'ndime yoyamba amalandira mayuro ankhaninkhani poyerekeza ndi zomwe ligi ya ku Wales ingapereke. Ndalamazo zimagula osewera abwino, osewerawo amatenganso ligi, ligi imabweretsanso ndalama. Amene adayesa kupikisana ndi TNS pathumba, ambiri adapsa. Barry Town, yomwe mu 2001 idagonjetsa Porto 3-1 pabwalo lake la Jenner Park itagonja 8-0 ku Portugal, idagwa m'mavuto azachuma mu 2003. Neath idathetsedwa mu 2012. Llanelli, akatswiri a 2008, adathetsedwa mu 2013. Rhyl, yomwe idatenga ligi mu 2004 ndi 2009, idatsekedwa mu 2020. Bangor City, yomwe mu 2011 idalanda ukatswiri pogonjetsa TNS 1-0 pa tsiku lomaliza pabwalo la Farrar Road, idatsitsidwa mu ligi mu 2018 italephera kupeza laisensi.

Timu yokhayo yomwe idakwanitsa kuimitsa TNS m'zaka zaposachedwa ndi Connah's Quay Nomads ya mphunzitsi Andy Morrison, yomwe inkasewera mpira wamphamvu, wodalira mipira yoponya ndi ya pakona. Idatenga ligi ya 2019-20, yomwe idadulidwa ndi mliri wa Covid-19, ndipo idaiteteza mu 2020-21. TNS idabwezeretsa ukatswiri mu 2021-22 pansi pa Anthony Limbrick wa ku Australia, koma Limbrick adachotsedwa ntchito patangopita miyezi yochepa, timu itatuluka msanga m'mipikisano ya UEFA. Uthenga udali womveka: ku Park Hall, kutenga ligi kokha sikusunga munthu pantchito.

Kubwerera kwa Craig Harrison

Yemwe adalowa m'malo mwake adali munthu wodziwa kale nyumbayo. Craig Harrison, wa ku Gateshead kumpoto kwa England, adasewerapo kumbuyo ku Middlesbrough ndi Crystal Palace mpaka pomwe adathyoka mwendo mu 2003, ali ndi zaka 25, ndipo mpira wake udathera pomwepo. Adayambiranso ngati mphunzitsi ku Airbus UK Broughton, adabwera ku TNS kumapeto kwa 2011, adatenga ligi kasanu ndi kamodzi, kenako mu 2017 adapita ku Hartlepool United komwe zinthu sizidamuyendere. Mu 2022 adabwerera.

Ligi ya Cymru Premier, monga momwe yakhala ikutchulidwira kuyambira 2019, panthawiyi idali ya matimu 12. Timu iliyonse inkasewera masewero 22, kenako ligi inkagawidwa pawiri, asanu ndi imodzi a pamwamba paokha, a pansi paokha, kufikira masewero 32. Mu 2023-24 TNS idamaliza masewero onsewo osagonja: idapambana 30, idafanana mphamvu kawiri, idapeza mapointi 92 ndipo idamwetsa zigoli 117. Brad Young, mnyamata wochokera ku Aston Villa, adatsogola pa omwetsa zigoli ndi 22. Timuyi idatenganso League Cup pokuntha achinyamata a Swansea City 5-1.

Koma chaka chomwe chikadakhala changwiro chidatha ndi zilonda ziwiri. Mu March, TNS, yomwe idaitanidwa kukapikisana nawo mu Scottish Challenge Cup, idagonja 2-1 kwa Airdrieonians m'ndime yotsiriza ku Falkirk. Mu April, Connah's Quay idailanda Welsh Cup poigonjetsa 2-1 pa Rodney Parade ku Newport.

Masewero 14 a ku Ulaya

Nyengo ya 2024-25 idayamba mu July, anthu ambiri a ku Britain akadali patchuthi. M'ndime yoyamba ya Champions League, TNS idagonjetsa FK Dečić ya ku Montenegro 3-0 pakhomo n'kukafanana nayo mphamvu 1-1 koyenda. Kupambana kumeneku kudali kofunika kuposa momwe kumaonekera. Malamulo a UEFA amapereka njira yapadera kwa akatswiri a maligi: wodutsa ndime yoyamba ya Champions League, ngakhale agonje pambuyo pake, amagwera mu Europa League, ndipo akagonjanso amagwera m'ndime yomaliza yachipulula ya Conference League. TNS idali itadzipezera mipata itatu.

Idagwiritsa ntchito yonse. Ferencváros ya ku Hungary idaiswa 5-0 ku Budapest ndi 2-1 m'masewero achibwereza. Petrocub ya ku Moldova idaitulutsa mu Europa League ndi chigoli chimodzi chokha m'masewero awiri. Mpata wachitatu udali wa Panevėžys, ndipo TNS sidauphonye. Masiku ochepa chabe chisangalalo chisadathe, Young adagulitsidwa ku Al-Orobah ya ku Saudi Arabia, ndipo timu idalowa m'ndime yaikulu yopanda womwetsa zigoli wake wodalirika.

Chaka chimenecho UEFA idali itasintha kayendetsedwe ka mpikisanowu. M'malo mwa magulu a matimu anayi, matimu 36 adaikidwa pamndandanda umodzi, iliyonse n'kusewera ndi adani asanu ndi mmodzi osiyana. Park Hall sidakwanitse zofunika za ndimeyi, choncho masewero apakhomo adasamutsidwira pabwalo la Shrewsbury Town, ku England komweko.

Ulendo woyamba udali wa ku Florence pa 3 October. Fiorentina idali itafika m'ndime yotsiriza ya mpikisanowu zaka ziwiri zotsatizana, ndipo anthu ankangofunsa kuti zigoli zikhala zingati. Chigawo choyamba chidatha 0-0. Osewera a TNS adaima mizere iwiri patsogolo pa goloboyi Connor Roberts, ndipo mpira uliwonse wodutsa mizereyo unkakumana ndi manja ake. M'chigawo chachiwiri, ochemerera a pa Stadio Artemio Franchi adayamba kung'ung'udza, ndipo mphunzitsi Raffaele Palladino adakakamizika kulowetsa akuluakulu omwe adawasunga pabenchi. Yacine Adli adatsegula m'mphindi ya 65, Moise Kean adawonjezera patangopita mphindi zitatu, ndipo masewero adatha 2-0.

Pa 24 October kudabwera Astana ya ku Kazakhstan, timu yomwe idasewerapo m'ndime ya magulu ya Champions League mu 2015. Rory Holden adagoletsa chigawo choyamba chisadathe. Astana idapanikiza m'chigawo chachiwiri, Roberts adaikaniza, ndipo chakumapeto McManus adamwetsa penate. TNS idapambana 2-0, kupambana koyamba kwa timu ya ligi ya ku Wales pa mlingo umenewu.

Mapointi atatuwo adakhala okhawo. Ku Dublin idatsogola kudzera mwa Jordan Williams koma Shamrock Rovers idatembenuza n'kupambana 2-1. Djurgården ya ku Sweden idapambana 1-0 ku Shrewsbury, Panathinaikos ya ku Greece 2-0, ndipo ku Slovenia, masiku ochepa Khrisimasi isadafike, Celje idapambana 3-2. TNS sidalowe m'gulu la matimu 24 opitirira, koma m'masewero onse asanu ndi limodzi palibe yemwe adaigonjetsa ndi kusiyana kwa zigoli zoposa ziwiri.

Mtengo wa maulendowa udaonekera kunyumba. Timu yomwe chaka chapitacho sidagonje ngakhale kamodzi idayamba kutaya mapointi, ikusewera Lachinayi kunja n'kubwerera kudzakumana ndi matimu omwe apuma sabata yathunthu. Idagonja kangapo chaka chisadathe, ndipo Penybont ya ku Bridgend, yophunzitsidwa ndi Rhys Griffiths, yemwe kale adali chilombo pomwetsa zigoli ku Llanelli, idakhala pamwamba pa ligi kwa nthawi yaitali. Masewero a UEFA atangotha, TNS idabwerera m'chimake. Idadutsa Penybont, idatenga ligi kachi 17, idagonjetsa Aberystwyth Town 1-0 m'ndime yotsiriza ya League Cup, ndipo mu May 2025 idabwezera Connah's Quay poigonjetsa 2-1 m'ndime yotsiriza ya Welsh Cup.

Chuma chochuluka, ochemerera ochepa

Kungolowa m'ndime yaikulu ya Conference League kudabweretsa mayuro 3.17 miliyoni, ndipo kugonjetsa Astana kudawonjezera 400,000, osawerengera zomwe timuyi idapeza m'ndime zachipulula. Kwa Fiorentina izi ndi ndalama za mchere. Mu Cymru Premier ndi chuma chomwe palibe timu ina ingachilote.

Apa mpomwe pagona mkangano. Otsutsa amati ndalamazi zikungokulitsa phompho, ndipo ligi yomwe katswiri wake amadziwika isadayambe singakope anthu. Amalozanso mipando ya pa Park Hall. Masewero wamba a ligi pabwaloli amaonereredwa ndi anthu mazana ochepa, pomwe Caernarfon Town, yomwe sidatengepo ligiyi, imakoka khamu lalikulupo pabwalo lake la The Oval, komwe anthu amachemerera m'chilankhulo cha Chiwelshi. Anthu a ku Oswestry ali ndi Wrexham kumpoto ndi Shrewsbury Town kummwera chakummawa, ndipo kuyambira pomwe akatswiri a mafilimu Ryan Reynolds ndi Rob McElhenney adagula Wrexham mu 2021, mitima ya achinyamata ambiri a m'derali idapita kumeneko. Kwa ochemerera matimu ena, TNS ikadali timu ya ku England yodya za ku Wales.

Mike Harris, yemwe sabisa mawu, wakhala akuyankha kuti vuto si TNS koma matimu ena omwe sakukwera kufika pomwe iyo ili, ndipo wakhala akudzudzula FAW kuti siigulitsa ligi mokwanira. Mbali yake ili ndi mfundo yomveka: malo omwe dziko limapatsidwa m'mipikisano ya UEFA amadalira momwe matimu ake achitira pa zaka zisanu, ndipo gawo lalikulu la mapointi a Wales labwera ndi TNS. Matimu ena nawonso amaluma mwa apo ndi apo. Connah's Quay idatulutsa Kilmarnock ya ku Scotland mu 2019, Haverfordwest County idatulutsa Shkëndija ya ku North Macedonia pamapenate mu 2023, ndipo Caernarfon idachita chimodzimodzi kwa Crusaders ya ku Belfast mu 2024. Koma palibe mwa iwo yemwe adapitirira ndime yotsatira.

Chilimwe cha 2025 chidaonetsa kuti ndalama za chaka chimodzi sizigula malo okhazikika. M'ndime yoyamba ya Champions League, TNS idakumana ndi Shkëndija yomwe ija idagwetsedwa ndi anyamata a ku Haverfordwest zaka ziwiri m'mbuyomo. Idalepherana nayo 0-0 pa Park Hall, n'kukagonja 2-1 m'nthawi yowonjezera koyenda. Popeza idagwa pa ndime yoyamba, mipata itatu ija padalibe. Idatsikira mu Conference League, komwe Differdange ya ku Luxembourg idaigonjetsa 1-0 kawiri, ndipo ulendo wa ku Ulaya udatha mwezi wa August usadayambe. FAW nayo idalengeza zosintha ligi kuyambira 2026-27: matimu akwera kuchoka pa 12 kufika pa 16, ndipo masewero ambiri azichitika Lachisanu usiku, nthawi yomwe Wrexham, Cardiff City ndi Swansea City kawirikawiri sakhala pabwalo.